BP ya mtsikana wa zaka 26 imene ndinkaganiza kuti ikukana mankhwala

Wodwala amene ndikumufotokoza pano ndi mtsikana wa zaka 26, wogwira ntchito yowerengera ndalama mu ofesi. Sanakwatiwe, koma ali ndi bwenzi lomwe akukonzekera kumanga nalo banja. Dzina lake ndi zina zomuzindikiritsa ndazisiya dala. Ndakhala ndikumuona kwa miyezi 14, ndipo pa miyezi imeneyi, itatu ndinaiononga ndekha chifukwa chofunsa funso molakwika.

Mmene anabwerera

Sanabwere ndi dandaulo la BP. Anabwera kudzatenga mapiritsi olera amene anali atamwa kwa zaka 3, aja okhala ndi mahomoni awiri, estrogen ndi progestin. Namwino atamukulunga lamba wa makina pamkono, manambala anatuluka 168/104. Mtsikanayo anaseka n'kunena kuti makinawo ndi owonongeka, poti iye sakumva kupweteka paliponse, komanso wayenda mothamanga kuti abwerere msanga ku ntchito. Namwinoyo sanatsutsane naye. Anamukhazika pansi n'kudzandiitana.

Kuyeza BP kumaoneka kosavuta, koma zolakwika zambiri zimayambira pomwepo, choncho ndinabwereza ndekha. Ndinamuuza kuti akayambe wataya madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza manambala. Atabwerako anakhala phee kwa mphindi 5, msana utatsamira kumpando, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Khofi kapena fodya anali asanalawe m'mawa umenewo. Mkono wake ndi wodzaza, ndipo lamba woyamba uja anali wam'chepera. Lamba wothina amanamiza, amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili. Ndi lamba womukwana tinapeza 160/102 kumanja ndi 158/100 kumanzere. Patatha masiku 5 anabweranso atapuma bwino, tinapeza 162/100.

Bungwe la World Health Organization limati munthu ali ndi matenda othamanga magazi ngati pa masiku awiri osiyana nambala yam'mwamba yafika 140 kapena kuposa, kapena yam'munsi yafika 90 kapena kuposa. Iye malire amenewa anali atawadutsa patali.

Nditamufunsa bwinobwino, zinthu zinayamba kutuluka. Mutu unkamuwawa pafupipafupi, makamaka masana, ndipo ankamwa ibuprofen masiku atatu kapena anayi pa sabata, wogula yekha. Kumapeto kwa mwezi ntchito ikachuluka ankagona maola 5 okha, n'kumadzigalamutsa ndi zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini. Fodya sasuta, mowa amangolawa pa zikondwerero. Sanakhalepo ndi pakati. Mayi ake anayamba kumwa mankhwala a BP ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo amalume ake anadwala sitiroko asanakwane zaka 50, mpaka lero mkono ndi mwendo wakumanja sizigwira ntchito. Ankalemera makilogalamu 78, kutalika masentimita 162, kutanthauza kuti BMI yake, muyeso woyerekeza kulemera kwa thupi ndi kutalika, inali pafupifupi 30, yoposa mlingo woyenera.

Kufunafuna gwero

Munthu wa zaka 60 akapezeka ndi BP yokwera, kawirikawiri sitipeza chinthu chimodzi choloza chala. Koma wa zaka 26 samayenera kungopatsidwa mapiritsi n'kumuuza kuti azipita. Pa msinkhu umenewu pamafunika kufufuza ngati pali nthenda ina imene yabisala kumbuyo, chifukwa zina mwa izo zimachizika ndipo BP imatsika nazo.

Ndinayamba ndi manja ndi makutu anga. Ndinagwira mtsempha wa padzanja ndi wa m'mphechepeche nthawi imodzi, kumvetsera ngati wam'munsiwo ukuchedwa kapena kufooka, zomwe zimachitika ngati mtsempha waukulu wochokera kumtima unabadwa wopanikizika pena pake. Yonse inkagunda pamodzi, ndipo BP ya m'mwendo sinali yotsika kuposa ya m'mkono. Pamimba sindinamve kaphokoso kosonyeza kuti mtsempha wopita ku impso ndi wothina. Chithokomiro sichinali chotupa. Sanadandaulepo za kutuluka thukuta mwadzidzidzi limodzi ndi mutu waukulu ndi mtima kugunda mothamanga. Anati palibe anamuuzapo kuti amaliza mkonono kapena kubanika kutulo.

Mkodzo unalibe mapuloteni kapena magazi. Creatinine, yemwe amaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, anali bwino, potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, anali bwino pa 4.1, shuga bwino, mahomoni a chithokomiro bwino. Mafuta a m'magazi anali okwererapo pang'ono. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, sinaonetse kuti mtima wayamba kukhuthala, ndipo sikani inaonetsa impso ziwiri zofanana kukula. Tinamuyeza ngati ali ndi pakati, analibe.

Zinatsala m'manja mwanga zinali zinayi: mapiritsi olera, ibuprofen, thupi lolemera ndi mtundu wakwawo.

Mapiritsi olera sitinamupatse kuyambira tsiku loyamba lija. Estrogen amakweza BP mwa amayi ena, ndipo BP ikafika 160/100 mapiritsi a mahomoni awiri saloledwa n'komwe, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha. Kungomulanda mapiritsi osamupatsa njira ina kukanakhala kumuponya pamoto wina, poti mimba yosakonzekera pa BP ya 160/100 ndi yoopsa kwa mayi ndi mwana yemwe. Tinakambirana za lupu ndi za kachipangizo koika pansi pa khungu la mkono, komwe kali ndi progestin yekha. Anasankha ka pamkonoko, ndipo anamuika sabata yomweyo. Ibuprofen ndi anzake monga diclofenac amachititsa impso kusunga mchere ndi madzi, komanso amafooketsa mphamvu ya mankhwala ena a BP. Ndinamuuza kuti awasiye, mutu ukavuta amwe paracetamol, koma osati tsiku lililonse, chifukwa mankhwala ochepetsa ululu omwedwa pafupipafupi amayambitsa mutu wawowawo.

Anzanga ena akanadikira miyezi itatu kuti aone ngati kusiya estrogen kungatsitse BP pakokha. Maganizo amenewo ndi omveka. Ine sindinadikire, poona kukwera kwa manambala ndi mbiri ya amalume aja. Ndinamuyambitsa amlodipine wa mamiligalamu 5 kamodzi pa tsiku. Enalapril, lisinopril ndi losartan ndinawapewa dala. Ndi mankhwala abwino, koma amavulaza mwana m'mimba, makamaka impso zake, ndipo uyu anali atandiuza kale kuti akakwatiwa safuna kuchedwa kubereka.

Tsiku limenelo anandifunsa funso limodzi lokha ali kale chilili, chikwama chili paphewa.

“Adokotala, ndimwa mpaka liti?”

“Nthawi zambiri mankhwala amenewa amamwedwa moyo wonse,” ndinatero, maso ali pa fayilo, panja pali anthu ambiri ondidikira. Anangoti “chabwino” n'kutuluka. Nkhope yake sindinaione.

Miyezi imene zinkaoneka ngati zikuyenda

Patatha mwezi BP inali 148/94. Ndinakweza amlodipine kufika mamiligalamu 10. Mwezi wachiwiri inali 134/86, ndipo ndinasangalala. Atatsala pang'ono kutuluka anatchula kuti mapazi akumatupa madzulo, nsapato zikumuthina. Ndinadina chala pamwamba pa kakolo, panatsala kadzenje kakang'ono. Ndinalemba m'fayilo, n'kumuuza kuti zimenezo ndi zazing'ono, zimachitika ndi mankhwalawa. Ndinamupatsa tsiku lobweranso patatha miyezi itatu.

Mwezi wachisanu anabwera ndi 166/104.

“Mankhwala mukumwa?”

“Eya, adokotala.”

Ndinawonjezera mankhwala okodzetsa otchedwa hydrochlorothiazide, a mamiligalamu 12.5. Mwezi wachisanu ndi chimodzi anabwera ndi 164/102, funso lomwelo, yankho lomwelo. Apa mtima wanga unali utapita kale kutali. Ndinkaganiza za tizigawo tija tokhala pamwamba pa impso, kuti mwina tikutulutsa homoni ya aldosterone yochuluka, yomwe imakweza BP, poti potaziyamu wabwinobwino satsimikizira kuti vutoli palibe. Ndinali nditayamba kulemba fomu ya magazi ndi kusankha mankhwala achitatu.

Chimene chinandiimitsa ndi mapazi ake. Ankasewera ndi chingwe cha chikwama atatambasula miyendo, ndipo anavala nsapato zazingwe zopyapyala, zomanga pakakolo. Inali 4 koloko madzulo, munthu atakhala pampando tsiku lonse, koma akakolo anali owonda bwinobwino, mafupa akuonekera. Munthu amene miyezi inayi yapitayo ankatupa ndi amlodipine wa mamiligalamu 10 sakanaphwa chonchi akanakhala kuti akumwabe. Ndinaika cholembera pansi, n'kutembenuza mpando kuti tiyang'anane.

“Achemwali, anthu ambiri amene ndimawapatsa mankhwala amenewa amafika powasiya, ndipo amakhala ndi zifukwa zomveka. Sindikukalipirani. Ndingofuna kudziwa kuti munamwa komaliza liti.”

Anazyolika kwa kanthawi. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki, m'kati muli mapaketi a amlodipine a miyezi itatu osatsegula, ndi hydrochlorothiazide yemwe anangochotsapo piritsi limodzi. Anasiya patatha masabata awiri kuchokera tsiku lija ndinamuuza kuti kutupa ndi nkhani yaing'ono.

Ndikanapitiriza njira ndinaiyamba ija, akanapita kwawo ndi mitundu itatu ya mankhwala. Tsiku lina atachita mantha n'kuganiza zomwa onse pakamodzi, BP ikanagwa mwadzidzidzi, mwina n'kukomoka nayo panjira.

Zimene zinali kukhosi kwake

Tinakhala pafupifupi mphindi 40. Anthu panja anadandaula, koma nthawi imeneyi ndi imene inatembenuza nkhani yonse.

Choyamba chinali kutupa kuja. Iye anali ataonapo m'bale wa mnzake atatupa miyendo chifukwa cha impso, mpaka kumwalira. Ataona mapazi ake akutupa atangoyamba mankhwala, anatsimikiza mumtima kuti mapiritsiwo akumudya impso, ndipo dokotala akumubisira. Mawu anga oti “zazing'ono” anawamva ngati a munthu wosafuna kuvomera kuti walakwitsa. Ndinatenga pepala n'kumujambulira. Amlodipine amamasula timitsempha tobweretsa magazi, koma tobweza magazi satimasula mofanana, ndiye madzi ena amatsalira m'minofu ya kumapazi, komwe ndi kumunsi. Zimakula mlingo ukakwera, zimaonekera kwambiri mwa amayi, ndipo zimatha mlingo ukatsika. Ndinamuonetsa pepala la creatinine ndi la mkodzo, kuti aone yekha kuti impso zake zili bwino, n'kumuuza mosabisa kuti chimene chingaziwononge ndi 164/102 atakhala nayo zaka.

Chachiwiri anachimva kwa mnzake wa ku ntchito: “Ukangoyamba mankhwala a BP thupi limazolowera, ukasiya umafa.” Iye anaganiza kuti bola asiye msanga thupi lisanazolowere. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ndipo amakhulupirika chifukwa anthu amaonadi wina atasiya mankhwala n'kudwala sitiroko. Koma amlodipine sapanga chibaba. Amatsitsa BP pa nthawi imene ali m'magazi, akatha BP imabwerera pamene inali. Chomwe chimavulaza wosiya mankhwala ndi nthenda yomwe ija, imene sinachoke.

Chachitatu anachinena motsitsa mawu. Bwenzi lake silinkadziwa chilichonse. Ankaopa kuti likamva kuti ali ndi “matenda a agogo” ndipo azimwa mankhwala mpaka imfa, liganiza kawiri za ukwati. Anali atamvanso kuti mankhwala a BP amatseka mimba. Mapiritsi ankawabisa pansi pa zovala, ndipo kumwa chinthu mobisa tsiku ndi tsiku kunamutopetsa.

Chomaliza ndi chimene chinandikhudza kwambiri. Anati, “Adokotala, tsiku lija munati moyo wonse, ine ndinawerengera. Ngati ndingafike zaka 70, ndiye kuti zaka 44 ndikumwa mapiritsi. Usiku umenewo sindinagone. Pa benchi panja paja ndimakhala ndi azigogo okhaokha, ena amandifunsa kuti mwaperekeza ndani. Ine sindikumva kudwala. Ndikamwa ndiye ndimatupa, ndikasiya ndimakhala bwino. Inuyo mukanatani?”

Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo aliyense wothandiza achinyamata a BP ayenera kukhala nalo yankho. Tikupempha munthu amene thupi lake likumuuza kuti ali bwino kuti akhulupirire makina kuposa thupilo, ndi kulipira lero, ndi kutupa ndi manyazi, kuti apewe chinthu chimene mwina chikanabwera ali ndi zaka 45. Wachikulire amene waona anzake akugwa safuna kumunyengerera kwambiri. Wachinyamata alibe chithunzi chimenecho. Lipoti la World Health Organization la 2023 linanena kuti akuluakulu oposa biliyoni imodzi padziko lonse ali ndi BP yokwera, pafupifupi theka la iwo sadziwa, ndipo mmodzi yekha mwa asanu ndi amene BP yake yatsika kufika poyenera. Mankhwala ogwira ntchito alipo kwa zaka zambiri, koma pakati pa pepala la dokotala ndi pakamwa pa wodwala pamatayika anthu ochuluka.

Sindinamuopseze ndi amalume ake. Anali kale ndi mantha okwanira, ndipo mantha omwewo ndi amene anamusiyitsa mankhwala. Ndinapepesa chifukwa cha mmene ndinayankhira mafunso ake awiri aja. Kenako ndinakonza mawu anga: palibe angalonjeze lero kuti adzasiya mankhwala, ndipo ambiri amapitiriza, koma mlingo ndi mtundu wake si zosasinthika. Thupi likatsika, mchere ukachepa, tulo tikakwanira, ena amachepetsa mapiritsi, ndipo timaunikanso chaka chilichonse. Ndinamupempha kuti asawerengere zaka 44, tigwirizane za masabata anayi okha, ndipo chilichonse chimene sichimusangalatsa adzandiuze asanasiye.

Kusiya kwake kunatiyankhira funso lina mwangozi. Anali atatha miyezi 6 osamwa estrogen kapena ibuprofen, miyezi yoposa itatu osamwa mankhwala a BP, koma manambala anali pomwe paja. Zinaonekeratu kuti mapiritsi olera sanali gwero lenileni. Ndinapezerapo mwayi wotenga magazi oyezera aldosterone ndi renin, mnzake wochokera ku impso, tsiku lomwelo, poti mankhwala okodzetsa amasokoneza zotsatira zake, ndipo iye analibe m'thupi. Zinatuluka bwinobwino. Ndinatsimikiza kuti iyi ndi BP ya mtundu wamba, yoyendera m'banja, yomwe yafulumira kubwera.

Kuyambiranso

Tinabwerera ku amlodipine wa mamiligalamu 5, n'kuphatikiza hydrochlorothiazide wa 12.5. Mankhwala awiri pa mlingo wochepa nthawi zambiri amatsitsa BP bwino kuposa amodzi pa mlingo waukulu, ndipo zovuta zake zimachepa. Tisasokoneze apa: mankhwala okodzetsa sachotsa kutupa kwa amlodipine, chomwe chinathandiza ndi kutsitsa mlingo. Onse awiri amamwa m'mawa akamatsuka mkamwa, kuti asamadzuke usiku kukakodza, ndipo paketi imakhala pafupi ndi mswachi. Akaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo amwe, akakumbukira mawa lake asaphatikize awiri. Patatha masabata atatu tinayezanso potaziyamu ndi creatinine, zinali bwino. Patatha mwezi BP inali 136/86, mapazi osatupa.

Ndinasiyiratu kumufunsa kuti “mukumwa?” Funso limenelo lili ndi yankho limodzi lokha kwa munthu waulemu amene safuna kukhumudwitsa dokotala. Tsopano ndimati, “Pa masiku 7 apitawa, ndi angati amene sanatheke?” Amayankha kuti limodzi, nthawi zina awiri, ndipo timakambirana chimene chinachitika.

Anagula makina oyezera kunyumba, a pamkono, ndipo anabwera nawo kuti tiwafananitse ndi athu. Apa panabuka vuto lina lomwe sindinaliyembekezere. Mwezi wotsatira anandionetsa kope lodzaza manambala, tsiku lina anayeza ka 11. Akaona 142 mtima unkapita m'mwamba, n'kuyezanso pompo, n'kupeza 150, n'kuyezanso. Usiku wina anayeza 2 koloko atadzidzimuka kutulo. Anali atawerenganso pa intaneti kuti malire ndi 130/80, n'kuganiza kuti ine ndikumunamiza. Ndinamufotokozera kuti mabungwe a madokotala a mtima a ku America anatsitsa malire awo kufika pamenepo mu 2017, pomwe World Health Organization imagwiritsabe ntchito 140/90, ndipo kwa iye tikufuna kutsika pansi pa 140/90 poyamba, kenako kuyandikira 130/80 ngati thupi likulola. BP imakwera ndi kutsika tsiku lonse, nambala imodzi payokha sinena zambiri. Tinagwirizana kuti aziyeza sabata imodzi yokha asanabwere kudzandiona: m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, kawiri nthawi iliyonse motalikirana mphindi imodzi. Za tsiku loyamba timazitaya, zotsalazo timaphatikiza n'kugawa, ndipo kunyumba timafuna zikhale pansi pa 135/85. Masiku ena onse makinawo azikhala m'kabati.

Ndinamulembera papepala zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala osadikira tsiku lake: BP yofika 180/120 imene sikutsika atapuma, mutu waukulu wachilendo, kuona mwachimbuuzi, kupweteka pachifuwa, kubanika, kufooka mbali imodzi, kukhota pakamwa kapena lilime kulemera. Kukhala ndi pepala limeneli kunamukhazika mtima pansi kuposa mawu anga onse, chifukwa anadziwa kuti 142 mulibemo.

Za kadyedwe ndi kayendedwe sindinamupatse mndandanda wautali, poti ndaona kuti munthu ukamuuza zinthu khumi sachita ngakhale chimodzi. Tinatenga ziwiri. Mchere wovomerezeka pa tsiku ndi wosapitirira magalamu 5, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuphatikizapo wobisika m'zakudya. Iye ankati sadya mchere wambiri chifukwa sathira patebulo, koma titawerenga limodzi zolembedwa pa mapaketi a zimene amadya masana ku ntchito, anadabwa yekha. Anayamba kunyamula chakudya chophika yekha, chokhala ndi masamba ndi zipatso. Chachiwiri ndi kuyenda mwandawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata, kuti zikwane mphindi 150. Zakumwa za m'zitini zija anazisiya yekha ataona kuti sabata ya kumapeto kwa mwezi ndi imene manambala ake amakwera. Tulo ndiye tikulimbana natobe, ntchito yake siinasinthe.

Bwenzi lake ndi nkhani ya mwana

Sindinamukakamize kuulula. Ndinangomuuza kuti akafuna, abwere naye ndiwafotokozere onse awiri. Mwezi wa 10 analowa ndi mnyamata wamtali, wooneka wamantha kuposa mwini wake. Anakhala kumapeto kwa mpando, chipewa chili m'manja.

“Adokotala, ine ndingofuna kumva chimodzi. Kodi moyo wake uli pachiswe? Nanga ana tidzakhala nawo?”

“Achimwene, akamamwa mankhwala n'kumayezetsa, angathe kukhala moyo wautali ngati wina aliyense. Mankhwala amene akumwawa satseka mimba. Chimene ndikupempheni ndi chakuti mimbayo idzakhale yokonzekera, mudzabwere kuno musanachotse ka pamkonoko.”

Ndinawafotokozera kuti mayi wa BP yokhalitsa ali pa chiopsezo chachikulu cha nthenda ya pa mimba yotchedwa pre-eclampsia, komanso mwana angathe kusakula bwino kapena kubadwa masiku asanakwane. N'chifukwa chake timafuna BP ikhale yokhazikika mimba isanayambe, mankhwala tiwasinthe kupita ku amene tawadziwa bwino pa mimba, monga nifedipine, labetalol kapena methyldopa, sikelo ayambe msanga, ndipo mimba ikafika masabata 12 amayamba aspirin wa mlingo wochepa. Ndinabwerezanso pamaso pa onse awiri kuti wina akadzamulembera enalapril kapena losartan kwina, anene kuti akufuna kutenga pakati.

Asanatuluke, mnyamatayo anapinda malaya n'kupempha kuti naye ndimuyeze, poti bambo ake amamwanso mankhwala a BP. Anali ndi 128/78. Mtsikanayo anaseka, koyamba kumuona akuseka m'chipinda changa chichokere tsiku lija ankanena kuti makina ndi owonongeka.

Pamene tafika

Pa mwezi wa 14 BP ya kuchipatala inali 126/80, ndipo ya kunyumba pa sabata yonse inali 124/79. Akulemera makilogalamu 72. Kafukufuku amaonetsa kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wataya imatsitsa nambala yam'mwamba ndi pafupifupi 1, choncho gawo lina la kutsikaku ndi ntchito ya miyendo yake ndi mphika wake. Mkodzo ulibe mapuloteni, creatinine ndi potaziyamu zili bwino, shuga ali bwino. Mutu umamuwawa mwa apo ndi apo, makamaka akagona mochedwa, ndipo anaona yekha m'kope lake kuti masiku a mutu si amene BP imakhala yokwera. Pa sabata yomaliza anadumphitsa tsiku limodzi, Loweruka, atagona kwa mnzake osanyamula mapiritsi. Tsopano amasunga awiri m'kachikwama ka ndalama.

Anandifunsa ngati tingayese kuchotsa mankhwala amodzi. Ndinavomera kuti tichotse hydrochlorothiazide, poti ndi amene tikanamuchotsabe pokonzekera mimba, n'kusiya amlodipine wa mamiligalamu 5 yekha. Ayeza kunyumba sabata yachinayi n'kubwera ndi kope lake. Zikapitirira 135/85 tidzakambirana zosinthira ku nifedipine nthawi yomweyo. Ukwati wawo uli miyezi isanu kutsogoloku, ndipo tsiku lodzakambirana zochotsa ka pamkono kaja talilemba kale m'fayilo.